Chombo chimene chinapita kumwezi chili kuti? Zenizeni ndi zoyerekeza m'nyumba zosungiramo mbiri ya Apollo

Pa 16 Julaye 1969, ku Florida m'dziko la America, kunanyamuka roketi ya Saturn V yaitali mamita 110, kuposa kutalika kwa bwalo la mpira, yolemera matani pafupifupi 2,900 itamwa mafuta ake onse. Pamsonga pake panali anthu atatu a ulendo wa Apollo 11 wopita kumwezi: Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins. Patatha masiku asanu ndi atatu, pa 24 Julaye, chimene chinagwera m'nyanja ya Pacific chitapachikika kumaparachuti chinali kachipinda kooneka ngati denga la nkhokwe, kosakwana mamita 4 m'lifupi, kolemera matani asanu ndi theka basi. Chimphona chonse chija chinatha m'njira. China chinamira m'nyanja, china chinapsa, china chikuzungulirabe dzuwa, china chinatsala kumwezi komweko.

Apa ndi pamene pagona vuto la aliyense wofuna kuonetsa anthu ulendo wa kumwezi m'myuziyamu. Amene akusunga mbiri ya sitima yapamtunda amatenga injini yeniyeniyo n'kuiimika pabwalo, anthu n'kumaigwira. Wa ndege amachitanso chimodzimodzi. Koma zombo za Apollo anazipanga kuti zizitayidwa chidutswachidutswa, ngati munthu wa paulendo wautali amene akutaya chipanda madzi akatha kuti katundu apepuke. Ndiye mlendo akalowa m'holo yaikulu n'kuona roketi, kachombo ka miyendo inayi, chovala choyera ndi mwala m'galasi, kawirikawiri sadziwa kuti mwa zinthu zinayizo china chinapitadi kumwezi, china chinapangidwa kuti chipite koma sichinapite, china n'chongoyerekeza. Zonse zimawala mofanana pansi pa magetsi. Kusiyana kwake kumalembedwa pakachikwangwani kakang'ono kamene ambiri timangodutsa pothamangira kujambula.

Tiyambe ndi chenicheni chosakayikitsa. Kachipinda kanabwerera kaja dzina lake ndi Columbia, ndipo kali ku National Air and Space Museum mumzinda wa Washington, m'chipinda chotchedwa Destination Moon chimene chinatsegulidwa mu Okutobala 2022. Nyumbayi ili pansi pa bungwe la Smithsonian, lomwe mu 1967 linagwirizana ndi NASA, bungwe la boma la America loyendetsa maulendo a m'mlengalenga, kuti chipangizo chilichonse chikatha ntchito, Smithsonian iziyamba yafunsidwa ngati ikuchifuna. Chifukwa cha panganoli, ngakhale zombo za Apollo zomwe zili m'mizinda ina, zambiri mwini wake ndi Smithsonian ndipo enawo anangobwereka.

Columbia si yokongola. Ndi yofiirira, yothimbirira, ndipo kunsi kwake kuli ngati mphika umene wakhala pamafuwa zaka zambiri osaukwecha. Kupsa kumeneko ndiye umboni wake. Chombo chochokera kumwezi chimalowa mumpweya wozungulira dziko chikuthamanga makilomita pafupifupi 11 pa sekondi imodzi, ndipo mpweya umene chikuukankha kutsogolo kwake umatentha kufika madigiri oposa 2,500. Akatswiri sanayese kupanga chitsulo chopirira moto wotero. Anakuta chombocho ndi chishango chokhala ndi timabowo tonga ta chisa cha njuchi, toposa 300,000, ndipo amisiri ankathira phula lapadera m'kabowo kalikonse ndi manja, kamodzikamodzi. Ntchito ya phulalo inali kupsa n'kumayoyoka, kutengera kutentha kutali ndi anthu ali m'katiwo. Mukayandikira mumaona timabowoto ndi mikwingwirima yoonetsa kumene moto unkalowera. Munthu wopanga choyerekeza angathe kupaka utoto wofiirira, koma mikwingwirima ija singapekedwe.

M'kati mwake ndi mothina moti mpando wakumbuyo wa minibasi ungaoneke ngati pabalaza. Anthu atatu ankagona chagada moyandikana, akuyang'ana masiwichi mazanamazana. Mu 2016 ogwira ntchito ku Smithsonian anajambula chombochi ndi makina oyeza mbali zonse kuti apange chifaniziro cha pakompyuta, ndipo makamera atafika m'makona momwe diso silinkafika, anaona zolembalemba pamakoma: manambala olembedwa mofulumira, kakalendala kojambula ndi dzanja ka mwezi wa Julaye masiku ake atakhwatchidwa limodzilimodzi, ndi chenjezo pakabati ina loti muli zonyansa zonunkha. Ine mwa zonse za Apollo chimene chimandigwira mtima ndi kakalendala kameneka. Chombo cha ndalama zosaneneka, makompyuta, akatswiri zikwi mazana anayi kumbuyo kwake, koma munthu akuwerenga masiku pakhoma ngati wandende.

Zipinda zoterezi zilipo zingapo, pakuti ulendo uliwonse unkabweza chake. Cha Apollo 8, chimene mu Disembala 1968 chinatenga Frank Borman, Jim Lovell ndi Bill Anders kukazungulira mwezi koyamba, chili ku Chicago. Cha Apollo 13, ulendo uja thanki ya mpweya inaphulika m'njira anthu n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, chinakhala zaka zambiri ku Paris chili chigoba, zam'kati atazichotsa, kenako anachibweza n'kuchilumikizanso kumyuziyamu ya Cosmosphere m'tauni ya Hutchinson ku Kansas. Ndipo abale athu okhala ku Britain safunika kuwoloka nyanja: cha Apollo 10, chotchedwa Charlie Brown, chakhala ku Science Museum ku London kuyambira m'ma 1970, ndipo polowa salipiritsa. Chimenechi chinatenga Tom Stafford, John Young ndi Gene Cernan mu Meyi 1969 kukayeserera zonse kupatula kutera kwenikweniko, ndipo pobwerera chinafika liwiro la makilomita 39,897 pa ola, lomwe pa maulendo onse a Apollo palibe analiposa.

Tsono tifike pa kachombo ka miyendo inayi, kokutidwa ndi zonyezimira ngati golide, kamene aliyense amakadziwa pazithunzi. Ka Apollo 11 ankakatcha Eagle. Palibe myuziyamu iliyonse padziko lino imene ili ndi kachombo kotere kamene kanaterako pamwezi, ndipo sipangakhale, chifukwa kanalibe chishango cha moto ndipo sikanapangidwe kuti kabwerere. Kanali ndi zigawo ziwiri. Cham'munsi, cha miyendo, chinkatsala pamwezi n'kukhala ngati nsanja yonyamukirapo. Cham'mwamba chinkakweza anthu awiri kukakumana ndi mnzawo amene ankazungulira mwezi, ndipo akangosamutsa miyala n'kutseka chitseko, ankachitaya. Cha Apollo 13, chomwe chinasanduka bwato lopulumukiramo, chinafika nawo mpaka pafupi ndi dziko n'kupsera mumpweya.

Nanga chimene chili ku Washington n'chiyani? Ndi LM-2, chimodzi mwa zombo zimene kampani ya Grumman inapanga ku Bethpage, pachilumba cha Long Island. Anachikonzera ulendo woyesera wopanda anthu, koma ulendo woyamba woyesera utayenda bwino anaona kuti wachiwiri n'kutaya ndalama, ndiye chinatsala pansi n'kumagwiritsidwa ntchito poyesa mmene chombo chimagwera. Pambuyo pake anachiveka kuti chifanane ndi Eagle. Kodi tizichitcha chenicheni kapena choyerekeza? Chitsulo chake n'chenicheni, chinatuluka m'fakitale yomweyo, m'manja mwa amisiri omwewo. Maonekedwe ake akunja ndi obwereka. Chili ngati mng'ono amene wavala jekete la mkulu wake pachithunzi cha banja. Zinanso ziwiri zotsala zili ku Kennedy Space Center ku Florida, kumene maroketi a kumwezi ankanyamukira, ndi ku Cradle of Aviation Museum ku Long Island komweko, ndipo izi zinakonzedwera maulendo enieni a kumwezi amene anasinthidwa kapena kuthetsedwa. Zina zambiri zimene mungaone m'mayiko osiyanasiyana ndi zifaniziro chabe, zopangidwa ndi matabwa, zitsulo wamba ndi pulasitiki.

Anthu ambiri akaima pafupi ndi kachomboka amaseka, ena n'kunena kuti apa ndiye bodza laonekera poyera, chinthu chonga chopangidwa ndi zitini ndi mapepala okutira maswiti sichingapite kumwezi. Kusekako n'komveka, koma kuganizako kwapotoka. Maso athu anazolowera ndege ndi galimoto, zomwe zimasalala chifukwa zimalimbana ndi mphepo. Kumwezi kulibe mphepo, ndipo chinthu chimalemera gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a kulemera kwake kuno. Mdani wa amisiri a Grumman anali kulemera basi. Anachotsa mipando, anthu n'kumayendetsa ali chiimire. Anachepetsa mawindo kukhala timakona titatu. Makoma a chipinda malo ena anali opyapyala osakwana theka la milimita. Zonyezimira zija ndi mapepala apulasitiki okutidwa ndi chitsulo chopyapyala, osanjikizana kambirimbiri kuti atchinge kutentha kwa dzuwa, ndipo kukwinyika kwake n'kwadala, kuti asagundane paliponse n'kumapatsirana kutentha. Chifaniziro chosalala bwino, chowongoka ngati chagulidwa m'sitolo, ndiye chonama kwambiri.

Za roketi ndifulumira. Ma Saturn V okhoza kuuluka anapangidwa 15, ndipo 13 anauluka. Otsalawo anatsala chifukwa mu 1970 boma linadula ndalama, maulendo a Apollo 18, 19 ndi 20 n'kuthetsedwa. Lero pali atatu ogona chammbali: ku Houston, ku Kennedy Space Center ndi ku Huntsville m'chigawo cha Alabama. Palibe ndi imodzi yomwe imene ili roketi imodzi yathunthu monga inatulukira m'fakitale. Ya ku Houston zigawo zake zonse zinapangidwira kuuluka, koma zinachokera kumaroketi atatu osiyana. Ya ku Huntsville inali yoyesera kugwedezeka. Ku Huntsville komweko kuli inanso yoimirira, yooneka patali mukamadutsa pamsewu, imene anthu ambiri amaijambula, koma imeneyo ndi chifaniziro chomangidwa mu 1999. Chochititsa manyazi n'chakuti zenizenizo zinagona panja zaka makumi angapo, padzuwa ndi pamvula. Ya ku Houston inaikidwa pabwalo mu 1977, mpweya wachinyezi wochokera kunyanja n'kuidya dzimbiri, mbalame n'kumangamo zisa, zomera n'kumera m'ming'alu. Anaimangira nyumba ndi kuikonza m'zaka za m'ma 2000. Kulekerera chuma cha mbiri si matenda a mayiko osauka okha ayi.

Zigawo zimene zinauluka zinali zitaiwalika pansi pa nyanja mpaka mu Malichi 2013, pamene gulu lolipiridwa ndi Jeff Bezos, woyambitsa kampani ya Amazon, linavuula zidutswa za injini za F-1 m'nyanja ya Atlantic pakuya kwa makilomita oposa anayi. Chigawo choyamba cha Saturn V chinali ndi injini zisanu zotere, zomwe zinkayaka mphindi ziwiri ndi theka zokha kenako n'kugwa. Zinatuluka m'madzi zitapindika ngati chitini chopondedwa ndi lole. Akuzitsuka mchere ku Cosmosphere, anapeza nambala 2044 pachidutswa china, ndipo mabuku a NASA anasonyeza kuti inali injini yapakati ya Apollo 11. Zina mwa zidutswazi zili ku Museum of Flight ku Seattle, ndipo sanaziwongole.

Nkhani imene imaonetsa bwino mutu wa osunga zinthu zakale ndi ya chovala cha Armstrong. Chovalachi chinasokedwa ku Dover m'chigawo cha Delaware ndi kampani ya ILC, yomwe mbiri yake inali yopanga zovala zam'kati za amayi za Playtex. Osoka ake anali amayi odziwa makina osokera, ndipo ankalumikiza nsalu zosanjikizana 21 molondola kwambiri moti msoko ukaphonya ndi kachidutswa ka milimita ankayambiranso. Phini imodzi yoiwalika m'kati ikanatha kupha munthu. M'katikati muli thumba lamphira losunga mpweya, pamwamba pake nsalu zolimbitsa, kenako mapepala otchinga kutentha, kunja nsalu yoyera yopangidwa ndi ulusi wagalasi yosagwira moto.

Chovala chimenechi anachipanga kuti chigwire ntchito miyezi yowerengeka. Palibe anaganiza za zaka makumi asanu. Mphira ukakalamba umauma n'kumasweka, monga zimachitira patapata zoiwalika padenga. Timapaipi tapulasitiki tina timatulutsa mpweya wa asidi umene umadya nsalu zoyandikana nazo. Zipi yake, ya mkuwa wokutidwa ndi mphira, imachita dzimbiri lobiriwira. Choipa kwambiri n'chakuti zinthu zonsezi zasokedwa pamodzi, ndiye china chikamawola chimawoletsa chinzake, ndipo simungazilekanitse popanda kuwononga chovalacho. Chitatha kuzungulira mizinda ya America ndi Columbia mu 1970 ndi 1971, chinakhala pachionetsero zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo mu 2006 anachichotsa n'kukachigoneka m'chipinda chozizira, chamdima.

Mu 2015 Smithsonian inapempha anthu wamba kuti asonkhe kudzera pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhera ndalama. Anafuna madola 500,000, ndipo anthu oposa 9,000 anapereka opitirira 700,000. Apa pali mfundo imene ambiri saiganizira: ndalamazo sizinali zochapira chovala. Maondo ndi miyendo yake n'zotuwa ndi fumbi la kumwezi, lomwe ndi lakuthwa ngati magalasi osinja chifukwa kulibe madzi kapena mphepo yoti ilisalaze, ndipo linalowerera mu ulusi. Wochapa aliyense angayabwidwe manja kuti alikwechepo. Osunga zinthu zakale anachotsa zokhazo zimene zinabwera pambuyo pa ulendo, monga zopakapaka za okonza akale, n'kusiya fumbi ndi zothimbirira za paulendo. Anachijambula ndi makina a chipatala oona m'kati kuti adziwe mmene nsalu zilili popanda kusula msoko. Kenako anapanga chidole cha msinkhu wa Armstrong chokhala ndi mipata yoti mpweya uzidutsa m'kati mwa chovala n'kumachotsa asidi uja, ndi kabati yagalasi yosunga kuzizira ndi chinyezi pamlingo umodzi. Chinabwerera pamaso pa anthu pa 16 Julaye 2019, tsiku lokwanitsa zaka 50 chinyamukire. Onse ogwira ntchitoyi amavomereza kuti kuwolako sanakuletse. Angokuchedwetsa.

Zithunzi zomwe anajambula pokonza zinathandizanso kuumba zifaniziro 15 za chovalachi, zomwe anaziimika m'mabwalo a baseball chaka chomwecho. Izi ndiye zoyerekeza zochita bwino ntchito yake: mwana akhoza kuzikumbatira, mvula ikhoza kuzinyowetsa, chenicheni chili phee m'kabati.

Pachovala chomwechi pali kankhani kamene kamazungulira pa Facebook ndi WhatsApp chaka ndi chaka. Amaika zithunzi ziwiri: kuphazi kwa chovala cha Armstrong, kosalala, ndi chidindo cha phazi pafumbi la mwezi, chokhala ndi mizeremizere. Kenako amati, mwaona, nsapato ndi phazi sizikugwirizana. Yankho lake lili m'zimene sizinabwerere. Potuluka panja ankavala nsapato zina pamwamba, zonga majombo, ndipo zimenezo ndiye zinali ndi mizere. Asananyamuke pamwezi, Armstrong ndi Aldrin anaponya panja majombowo pamodzi ndi zikwama zakumsana zopumira, kuti kulemera kwake kulowedwe m'malo ndi miyala. Ndiponso chidindo chotchukacho n'cha Aldrin. Majombo a Gene Cernan a Apollo 17 anabwera nawo, ali ku Washington, ndipo mizere yake ndi yomweyo. Chionetsero chimene sichifotokoza chimene chikusowa chimasiya mpata woti mphekesera imeremo.

Miyala nayo ili ndi nkhani zake, zina zoseketsa. Maulendo asanu ndi limodzi amene anatera pakati pa 1969 ndi 1972 anabweretsa makilogalamu 382. Yambiri imasungidwa ku Houston m'makabati odzaza ndi mpweya wa nayitrojeni kuti isakhudzane ndi chinyezi cha kuno. Ku Washington kuli kachidutswa ka Apollo 17 kamene aliyense amaloledwa kukagwira chitsegulire nyumbayo mu 1976, ndipo zala za anthu mamiliyoni zakasalaza mpaka kuwala.

Pulezidenti Richard Nixon anagawanso timiyala kumayiko 135 ngati mphatso. Ta Apollo 11 tinali tinayi, tating'ono ngati njere za mpunga, totsekeredwa m'kampira kapulasitiki koonekera, komatidwa pathabwa pamodzi ndi mbendera ya dziko lolandiralo imene inapita nawo kumwezi. Mu 1973 anagawanso zidutswa za mwala umodzi wa Apollo 17, chilichonse cholemera galamu imodzi ndi pang'ono. Mphatso ikachoka m'manja mwa wopereka, NASA inalibenso nayo ulamuliro, ndipo zambiri zinasowa. Ya Apollo 11 ya dziko la Ireland inali ku Dunsink Observatory, nyumba yoonerako nyenyezi, pamene nyumbayo inapsa mu 1977, ndipo inakatayidwa kudzala pamodzi ndi phulusa. Ya Malta inabedwa m'myuziyamu ku Mdina mu 2004. Ya Honduras inapezeka ku Florida mu 1998, munthu akuitsatsa madola 5 miliyoni kwa ofufuza a boma amene ananamizira kukhala ogula, ndipo mlandu utatha inabwezedwa kwawo.

Koma yoposa zonse ndi ya ku Netherlands. Rijksmuseum ya ku Amsterdam, nyumba yolemekezeka kwambiri, inali ndi mwala wofiirira waukulu ngati kabokosi ka machesi, umene unachokera m'katundu wa nduna yaikulu yakale Willem Drees atamwalira mu 1988. Pamodzi ndi mwalawo panali kakhadi kosonyeza kuti ndi mphatso ya kazembe wa America pokumbukira kubwera kwa anthu atatu a Apollo 11 mu Okutobala 1969. Anauonetsa ngati mwala wa kumwezi. Katswiri wina atauona anakayika, pakuti miyezi itatu yokha chibwerere, America sikanapatsa munthu mmodzi chimwala chotero pamene mayiko athunthu ankalandira njere za mpunga. Mu 2009 akatswiri a miyala a payunivesite ina ya mumzindawo anauyeza n'kupeza kuti ndi mtengo wakalekale umene unasanduka mwala. Okayika za ulendo wa kumwezi amaikonda nkhaniyi, koma ikunena zosiyana ndi zimene amafuna. Mwala wabodza unagwidwa msanga utangofika m'manja mwa oyeza, chifukwa mwala wa kumwezi uli ndi zizindikiro zake: ulibe madzi m'kati monga miyala ya kuno, ndipo kunja kwake kuli timaenje tosaoneka ndi maso tobooledwa ndi tifumbi tothamanga ta m'mlengalenga. Chimene chinalakwika ku Amsterdam n'kukhulupirira kakhadi popanda kufunsa mwala. Myuziyamuyo inausungabe, tsopano ngati chinthu chodabwitsa.

Zionetsero zakale za Apollo zinali ngati nyimbo yotamanda mfumu: mbendera, ngwazi, chipambano. Zimene sizinkakoma ankazibisa. Pa 27 Januwale 1967, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsera m'chombo cha Apollo 1 chili pansi, poyeserera. M'kati munali mpweya wa okosijeni wokhawokha, waya anathetheka, ndipo chitseko chinali chotsegukira m'kati moti mphamvu ya mpweya wotentha inachikanikiza osatheka kuchikoka. Chombocho anachitsekera m'nyumba yosungira katundu ku Langley m'chigawo cha Virginia, ndipo kwa zaka 50 palibe chidutswa chake chinaonetsedwa. Mu 2017, mabanja atavomera, zitseko zake zitatu zinaikidwa ku Kennedy Space Center pafupi ndi chitseko chatsopano chimene chinapangidwa ngoziyo itachitika, chotsegukira kunja m'masekondi ochepa. Palibe chifukwa cholemba zambiri pachikwangwani. Munthu amayang'ana ichi, n'kuyang'ana icho, n'kumvetsa yekha. Nacho chipinda cha Destination Moon chimakamba zimene kale zinkasiyidwa, monga amayi osoka aja, ndi gulu la anthu osauka lotsogozedwa ndi m'busa Ralph Abernathy limene linafika pachipata cha Kennedy ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu tsiku loti mawa roketi inyamuka, kudzafunsa chifukwa chake dziko lotha kupita kumwezi likulephera kudyetsa ana ake.

Kumbali ya Soviet Union kubisako kunali kokulirapo. Iwonso anali ndi roketi yawo ya kumwezi, N1, imene inalephera maulendo onse anayi pakati pa 1969 ndi 1972, ndipo boma linakana kuti linali pampikisano mpaka mu 1989. Maroketi otsala anawaphwasula, zidutswa zake n'kusanduka madenga a zisakasa ndi mosungira katundu ku Baikonur, kumene maroketi awo ankanyamukira. Kachombo kawo kotera pamwezi, LK, kokwera munthu mmodzi, kanapulumuka m'mafakitale ndi m'masukulu a zaumisiri, ndipo kamodzi kanafika ku Science Museum ku London mu 2015 pachionetsero cha mbiri ya Russia m'mlengalenga. N'kuonetsa ulendo umene sunachitike, koma popanda iko simungamvetse chimene chinkathamangitsa a America.

Pali mtundu winanso wa chionetsero umene suli chenicheni kwathunthu kapena choyerekeza kwathunthu: chipinda chokonzedwanso. Ku Houston, chipinda chimene ankayang'anirira maulendo a Apollo chinatsegulidwanso mu 2019 atachibwezera mmene chinalili mu Julaye 1969. Madesiki a makompyuta ndi a nthawi imeneyo. Kapeti ndi mapepala a pakhoma anachita kupangitsa atsopano potengera tizidutswa takale tomwe anatipeza. Makapu a khofi, mapaketi a ndudu ndi mbale zotayira phulusa la fodya anazisaka kwa anthu ndi m'misika ya zakale, akuyang'ana mafilimu kuti adziwe chinali pati. Mbale ya phulusayo mwina sinalowepo m'chipindamo kale, komabe ikunena zoona zake: anthu amene anatsitsa Eagle anali anyamata, ambiri osafika zaka 30, osuta ngati ng'anjo ya njerwa.

Chionetsero chachikulu kwambiri cha Apollo chilibe denga, chilibe mlonda, ndipo palibe anapitako chichokereni Cernan mu Disembala 1972. Pamalo asanu ndi limodzi pamwezi pali miyendo ya tizombo tija, magalimoto atatu a batire, makamera, majombo, matumba a zinyalala, ndi magalasi obweza kuwala amene akatswiri amawaunikabe ndi kuwala kwamphamvu kwa leza kuchokera kuno poyeza mtunda wa kumwezi. Kulibe mvula, kulibe dzimbiri, kulibe chiswe, ngakhale kuti dzuwa losatchingidwa ndi kusinthasintha kwa kutentha zimadya nsalu ndi utoto. Pangano la mayiko la 1967 limati palibe dziko lingatenge malo pamwezi kukhala ake, ndiye America ndi mwini wa zitsulozo koma osati wa dothi limene muli mapazi. Kumapeto kwa 2020 anakhazikitsa lamulo loti makampani ogwira ntchito ndi NASA azitalikira malowa, koma lamulolo silimanga dziko lina. Mu 2025 bungwe la World Monuments Fund linaika mwezi pamndandanda wake wa malo a mbiri amene ali pangozi, poona kuchuluka kwa zombo zimene zikukonzekera kukatera. Chombo chimodzi chotera pafupi chingaulutse fumbi lokwanira kufufuta mapazi onse.

Kuyambira mu 2009, chombo cha Lunar Reconnaissance Orbiter chakhala chikujambula malowa kuchokera m'mwamba. Pachithunzi cha malo a Apollo 11 pamaoneka kadontho kowala ndi mthunzi wake, ndiwo miyendo ya Eagle, ndi timizere takuda ta mmene anthu awiri anayendera. Kamzere kamodzi kamachoka pagulu n'kulunjika kudzenje lina mamita pafupifupi 60 chakum'mawa, kumene Armstrong anathamangira yekha kukajambula nthawi itatsala pang'ono kutha. Pamalo ena a Apollo mthunzi wa mbendera ukuonekabe. Pa Apollo 11 palibe. Aldrin ananena kuti pamene injini inayaka kuti anyamuke, anasuzumira pawindo n'kuiona ikugwa.